Ngamila ya Mkamwini Wanga

Ndinamuuza Rosina kuti akamuuze mwamuna wake: galimoto yoyenda saipereka kwa anthu kuti akaiphwanye. Ndinanena akupanga tiyi, ndinanenanso akuchapa pampopi. Ndinati, "Kamuuze kuti boma likamakupatsa kanthu ndi dzanja ili, uziyang'ana dzanja linalo. Ine linandipatsa bulangeti ndili kamtsikana, tsiku lomwelo n'kunyamula mng'ono wanga. Mpaka lero sindinamuonenso."

"Amayi, izi ndi za galimoto. Si za ana."

"Dzanja ndi lomwelo."

Ndikanamuuza ndekha ndikanakhala wina. Koma Jangala anali mkamwini wanga, ndipo mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso, salankhulana. Iye akamabwera njira iyi, ine ndinkakhota njira iyo. Mawu anga onse ankadzera pakamwa pa mwana wanga Rosina, ndipo pakamwa pa Rosina mawu ankasungunuka ngati shuga m'tiyi. Ine ndikati "akafa nazo zimenezi," iye ankakanena kuti "amayi akuti muganize bwino."

Tinkakhala ku Walpanu, dziko la bambo ake a Jangala: nyumba zowerengeka za malata, thanki ya madzi ndi mpope wake, basi. Sitolo ndi kachipatala zili kumudzi waukulu, theka la tsiku pa msewu wa mchenga ndi miyala. Tauni ya Alice Springs ili kutsogolo kwake, kutali. Munthu wopanda galimoto sakhala ku Walpanu. Ufa ukatha, watha. Mwana akatentha thupi, ungomuyang'ana.

Galimoto yathu tinkaitcha Ngamila. Inali Toyota yaitali, yoyera kalekale, yakale kuposa mdzukulu wanga Tamika amene pa nthawiyo anali ndi pakati. Chitseko chimodzi chinali chomanga ndi waya. Koma inkayenda. Tayala likaphulika Jangala ankalidzaza udzu n'kupitirira. Pansi pakadontha ankamata ndi sopo. Chitsulo chikathyoka ankapita kuseri kwa nyumba kumene kunagona magalimoto akufa, n'kukamasula china. M'mbali mwa msewu monse munalinso akufa ena, ndipo aliyense ankawadziwa ngati abale: uyu ali ndi matayala, uyu ali ndi mapaipi, uyu muli chigubu cha madzi chimene anasiya wina kuti chidzathandize mnzake.

Kumbuyo kwa Ngamila kunali mabenchi awiri aatali. Kuseri kwa dalaivala tinkapachika bulangeti, ine n'kukhala kumapeto kwenikweni nditayang'ana kumene tachokera. Motero ine ndi mkamwini wanga tinkayenda ulendo umodzi popanda kuphwanya mwambo. Kumapazi kwanga kunkakhala zigubu za madzi. Ndinkadzaza ndine, ulendo uliwonse, ngakhale wongokasaka ng'azi pafupi. Ankandiseka. Asekeni.

Nkhani inabwera pa wailesi. Boma linati magalimoto akale akuipitsa mpweya. Aliyense wokapereka yake kuti aiphwanye adzalandira chikalata cha madola zikwi zitatu, chokagulira ina yatsopanoko. Ndinamva mwana wanga wamwamuna Clarrie akukambirana ndi mlamu wakeyo. Ine ndinali kuseri kwa thanki, ngati ndikutola nkhuni.

"Alamu, mwamva? Nkhalamba yanuyi yapeza wofunsira," anatero Clarrie.

"Mukutanthauza amayi anu kapena galimoto?"

"Aaa, mudzafa imfa yoipa inu. Ndikunena Ngamila. Ngakhale agalu anasiya kuikodzera, akuopa dzimbiri."

"Khalani chete, munthu wopanda ngakhale wilibala. Mlongo wanu ndinamutengera pa galimoto yomweyi."

"N'chifukwa chake mpaka lero amadandaula msana."

Anaseka, kenako Jangala anatsitsa mawu. Chaka chapitacho anali ataona ku tauni Toyota ina yaitali, yosatha kwambiri, ya mtundu umene boma linkavomera. Anali ndi kangachepe kamene anasunga pa ntchito yake yoyang'anira tchire, yotentha udzu nthawi yake ndi kuyendera zitsime. "Kangachepeko, kuphatikiza chikalatacho, ndatenga," anatero. "Ngamila palibe angandipatse ngakhale madola mazana asanu. Boma lapenga, tiyeni tilidyere lisanachire."

Ndinathamangira kwa Rosina. "Kamufunse: ngati aliyense akaphwanyitsa yake, akagula ya ndani?"

Rosina anapita, nabwerako. "Akuti ku tauni magalimoto ndi ambiri ngati ntchentche."

Jangala asanapite n'komwe ku tauni, kunabwera chilole chachikulu chokhala ndi dzanja lachitsulo. Mzungu wake ankalipira pang'ono pa galimoto yakufa iliyonse imene munthu wamulozera, poti nazonso boma linkafuna zichoke. Amuna anasangalala ngati kwagwa mvula. Anamulozera za kuseri kwa nyumba, anamulozera za m'mbali mwa msewu. Dzanja lija linkangotola n'kuponya pamwamba, abuluzi akuthawa pansi pake.

Ndinalira mokweza kuti amve onse, nditayang'ana kumwamba. "Galimoto yakufa ndi mthunzi! Ndi sitolo, ndi chitsime! Mukugulitsa chitsime?"

"Agogo, ndi zinyalala," anatero Tamika, akusisita mimba yake.

Jangala anamva, ndikudziwa, chifukwa madzulo ake Rosina anabwera ndi mawu. "Akuti musade nkhawa. Buluu samulozera." Buluu inali galimoto ya malemu bambo ake, yogona m'mitengo kuseri kwa mtsinje wouma, pakati pa mudzi waukulu ndi Walpanu, posaonekera kumsewu. M'menemo ankasungamo zigubu za madzi ndi zitsulo zake zabwino. Mtima wanga unatsikako pang'ono, koma sunafike pansi.

Tinapita tonse ku tauni pa Ngamila, popeza Tamika masiku ake anali pafupi ndipo anamwino ankafuna akachirire kuchipatala chachikulu. Clarrie anakwera nafe. Ulendo wonsewo galimoto sinakhosomole ngakhale kamodzi. Ndinauza Rosina kuti yadziwa, ikupempha. Iye anati ndigone.

Kumalo ophwanyirako kunali mzere wautali, ndipo ambiri anali anthu athu a kumidzi. Magalimoto ena ndinkawazindikira: iyi inanyamula maliro a uje, iyi inatitengera ku mpira. Ine ndinaima kunja kwa mpanda wa waya. Anatsitsa katundu wathu ndi zigubu zanga. Kenako mnyamata wovala magolovesi anachotsa mafuta m'injini, nathiramo madzi ena oyera, kuti pasadzapezeke woiukitsa. Anailiza. Zina zinkafa msanga. Ngamila inalira, inalira, utsi uli tolotolo, mpaka anthu a pamzere anayamba kuombera m'manja.

"Alamu, ikukana!" anakuwa Clarrie.

Jangala ndinamuona ndi kona ya diso atavula chipewa. Kenako inagunda kamodzi m'kati n'kukhala chete.

Mawa lake anapita kokagula, atatenga Rosina ndi Clarrie. Anabwerako wapansi, dzuwa litapendeka. Rosina anakhala pansi n'kuvula nsapato. Anandifotokozera ndi Clarrie. Toyota ija inalipo, pamalo pomwe paja, koma mtengo wake unali utakwera kuposa kawiri.

"Alamu anati, bwana, chaka chatha sinali choncho. Wogulitsayo anangoseka. Akuti, mnzanga, tayang'ana kumsewuko. Aliyense ali ndi chikalata ngati chakocho, aliyense akufuna yaitali yoyenda m'tchire. Zotchipa zonse mwakaphwanyitsa nokha. Ukapanda kutenga iwe, atenga wina lisanalowe dzuwa."

"Nanga kubweza chikalatacho, atipatse Ngamila?"

"Amayi, Ngamila pano ndi yaing'ono ngati bokosi la tiyi."

Tinakhala kwa msuweni wa Rosina, kumisasa ya kumapeto kwa tauni, tikugona pabwalo pamodzi ndi ena amene anabwera monga ife. Jangala ankadzuka m'mawa kukazungulira kogulitsa magalimoto. Ankamva kuti wakuti akugulitsa yake, akafika n'kupeza mwini wake wasintha mtengo, kapena nayenso wakaiphwanyitsa poti boma likulipira bwino kuposa munthu. Ndipo kangachepe kaja kanayamba kutha. Ku tauni m'bale akakupempha sungamukanize, ndipo abale anali ponseponse, onse anjala, onse opanda chokwera kubwerera kwawo. Ndinauza Rosina kuti abise khadi la kubanki m'kamisolo. Anabisa, koma mochedwa.

Sabata zinapita, kutentha kunafika. Abwana ake a kuntchito anatumiza mawu kuti akapanda kubwerera alemba wina. Ku Walpanu kunalibe munthu. Mabanja enawo nawonso anali atakanirira m'tauni. Mpope ukaima nthawi yotentha thanki imauma, ndipo mudzi wouma boma limautseka. Izi Jangala ankazidziwa. Ndinkamuona kutali atakhala pa chitini cha ufa, akujambula pamchenga ndi kamtengo n'kufufuta.

Tsiku lina analowa pachipata ndi kagalimoto kofiira, konyezimira, kamimba kokhudza pansi. Ndi kokhako kamene chikalata ndi zotsala zake zinakwanira.

Clarrie anakazungulira kawiri. "Alamu, mwana uyu mayi ake ali kuti?"

"Kamamwa mafuta pang'ono."

"Kamamwa mkaka aka. Tatsegulani kutsogoloku tione." Anatsegula. Munalibe choona, chivundikiro chapulasitiki basi, ndi mawaya opyapyala ngati tsitsi. "Nanga kakadwala mugwira pati?"

"Katsopano sikadwala."

Ine ndinayang'ana m'kati pamene Jangala anachokapo. Mipando inali yothithikana. Ngakhale kupachika bulangeti, mawondo anga akanagunda msana wake, maso athu akanakumana pagalasi. Sindikanakwera. Rosina sakanamusiya mwana wake Tamika. Clarrie anati ali ndi zina zoti amalize m'tauni. Zinazo tonse tinkazidziwa, zinali za m'chitini cha mowa. Choncho anagwirizana kuti Jangala atsogole yekha, akadzutse mpope, akaonekere kuntchito, ife tidzatsatire mwana akabadwa.

M'mawa wonyamuka, mphepo inali yotentha kale ngati mpweya wa mu uvuni. Ndinaima kuseri kwa lata la mpanda, ndikusuzumira pa kabowo ka msomali. Analongedza ufa, tiyi, shuga, zitini za nyama, mafuta a mpope. Kumbuyo kwa kagalimotoko kunadzaza. Madzi anali mabotolo awiri a m'sitolo, pampando wakutsogolo.

"Rosina! Zigubu!"

"Amayi, mwayambanso."

"Kamuuze atsitse ufa, akweze madzi. Ufa akagula kumudzi waukulu."

"Kumeneko ufa ndi wodula, mukudziwa." Anapita komabe. Ndinamva ndi makutu anga akuti, "Amayi akuti muyende bwino."

Pamenepo ndinachita chimene ndinali ndisanachitepo chikwatire mwana wanga. Panali galu wa pakhomopo atagona pafupi ndi mpanda. Ndinalankhula naye mokweza.

"Galu iwe! Kauze anthu ena kuti msewu uja tsopano ulibe mthunzi. Kawauze kuti sikudutsa munthu, onse ali kuno wapansi. Kawauze kuti ufa sumwedwa!"

Kenako ndinamva Jangala akuseka pang'ono, kuseka kwaulemu.

"Galu iwe, kawauze agogo ako kuti ndamva. Uwauze kuti muno muli mphepo yozizira, munthu sachita ludzu."

"Galu iwe, mphepo imeneyo imafa pamodzi ndi injini!"

Ananyamuladi chigubu chimodzi. Anayesa kumbuyo, chitseko chinakana kutsekeka. Anayesa pampando, panali katundu wa anthu amene anamutuma kumudzi waukulu, ndipo katundu wa abale satsitsa pamaso pawo. Anachiika pansi pafupi ndi chipata, bwinobwino, ngati akukhazika mwana.

"Galu iwe, uwauze kuti kwa Buluu kuli madzi okwanira mudzi wonse. Ndinadzaza ndekha."

Ine maso anga sakhala malo amodzi. Pamene ankatchula Buluu ndinaona Clarrie akuyang'ana pansi n'kumakanda mchenga ndi chala cha kuphazi. Kagalimoto kanatuluka, fumbi linatsika. Ndinamugwira malaya.

"Wayang'aniranji pansi?"

"Palibe, amayi."

"Ndinakubala ndine. Wayang'aniranji pansi?"

Anazemba, anatuluka, anabwerako masana akununkha mowa. Pamenepo m'pamene ananena. Tsiku lomaliza la chilole chija, Jangala ali kuntchito, mzungu uja anafunsa ngati kwatsala ina. Clarrie anakwera naye n'kukamulozera Buluu. "Ndinkati ndiwauza alamu tikagula yatsopano, tidzaseke. Zigubu ndinkati nditsitse, koma dzanja lija linali litatola kale. Lero ndinachita manyazi, amayi. Pamaso pa anthu onse aja."

Rosina anaimba foni ya mwamuna wake, koma ukangodutsa mapiri a tauni foni siigwira. Anaimba kusitolo ya kumudzi waukulu. Anati wadutsa kale, watsitsa katundu wa anthu, wamwa chakumwa chozizira, ana akuthamangira kagalimoto kofiira. Rosina anawapempha kuti wina amutsatire. Mayi wa m'sitoloyo anati, "Atsatire pa chiyani, mchemwali? Ya achipatala yapita ndi wodwala. Ya sukulu aphunzitsi apita nayo kutchuthi. Zinazo mukudziwa kumene zinapita."

"Mwina wafika bwino," anatero Rosina. Ku Walpanu kuli foni ya pamtengo. Tinaimba mpaka dzuwa kulowa, tinaimbanso kutacha. Inkangolira.

Tinazungulira misasa yonse kufuna galimoto. Kale ukanangoima pamsewu n'kukweza dzanja, wina akanati kwerani, mundithirire mafuta. Tsopano amuna anali atakhala m'mithunzi, zikalata zili m'matumba. Mmodzi amene anali ndi yake yaitali anakana. Anati yakwera mtengo, sangaiphe pa msewu wa Walpanu, pali mzungu akufuna kuigula. Apolisi anati munthu wamkulu wodziwa tchire sasowa tsiku limodzi, tidikire. Ndinakhala pakhomo pawo osachoka, ndikuwauza za dzuwa, za mwala umene uli powolokera mtsinje, za mabotolo awiri. Wapolisi wamkazi anandipatsa madzi m'kapu ya pepala. Apolisi ananyamuka mawa lakenso, atatenga Clarrie kuti akawalozere njira.

Tamika anachira tsiku lomwelo, mwana wamwamuna. Sindinapite kukamuona. Ndinakhala pachipata, pafupi ndi chigubu chija, palibe amene anachisuntha.

Zotsalazo anawerenga Clarrie pamchenga, poti kuwerenga mapazi ndinamuphunzitsa ndine ali wamng'ono. Kagalimoto anakapeza powolokera mtsinje wouma. Pali mwala pakati pamene Ngamila inkangodutsa pamwamba osaudziwa. Aka kanaugunda ndi mimba yake, mafuta onse n'kutayikira pamchenga. Jangala anagona pansi pake, anakumba, anamata ndi sopo. Sopoyo anamupeza, ndi waya, ndi chitini cha mafuta a mpope chimene anathiramo. Bowo analitseka ndithu. Koma kagalimoto kanangoyatsa kanyali kofiira n'kukana kulira, ndipo panalibe waya woti agwirizanitse. Anadikira mumthunzi wake usiku ndi usana, poti munthu sasiya galimoto, wina amadutsa. Sipanadutse munthu. Mabotolo awiri anali pampando, opanda kanthu, otsekedwa bwinobwino.

Kenako mapazi anatsika mumtsinje, nakhotera kumitengo. Anali mapazi a munthu wosathamanga, wodziwa kumene akupita. Clarrie akuti anawauza apolisi kuti aime, apite yekha.

Pamene panagona Buluu zaka zonse zija udzu sunamerepo. Panatsala malo oyera, a makona anayi, ndi dontho lakuda la mafuta akale, ndi mikwingwirima ya matayala a chilole. Mapazi anazungulira malowo, anapita kumitengo ina, anabwerera, anazunguliranso. Clarrie anamupeza Jangala atamwalira kale, atagona pakati penipeni, mbali imene kunkakhala mthunzi wa chitseko, chipewa chili kumaso. Pambali pake anali atakumba dzenje ndi manja, lofika m'chigongono. Mchenga wa pansi pake unali wouma ngati ufa.